Laputopu yopyapyala ikutentha pokonza mavidiyo: ndigule chiyani?

Funso: Ndimajambula ndi kukonza mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Mangochi. Laputopu yanga ndi yopyapyala, ndinaigula yogwirapo kale ntchito zaka ziwiri zapitazo. Ili ndi Core i7 komanso kachipu ka Nvidia MX150. Ndikayamba kutulutsa vidiyo imatentha moti dzanja silikhala pa makiyi, fani imalira ngati chigayo, ntchito imayenda mwaulesi, ndipo mu Okutobala inazima yokha kangapo. Wokonza wina akuti chipu cha graphics chikufa, ndimupatse achiwotche. Ndasonkhanitsa kandalama. Kodi ndigule laputopu ina yopyapyala koma ya RTX (machipu amphamvu a graphics a Nvidia), kapena ndigule kakompyuta ka pa desiki kang'onokang'ono kaja ka m'maofesi n'kuikamo khadi la graphics?

Yankho: Achimwene, musapereke kaye laputopuyo kuti iwotchedwe. Nkhani ya kuwotchayo ndibwereranso, koma pa zomwe mwafotokozazi chipu chanu sichikufa. Chipu cha graphics chikamafa chimadziwika ndi zina: mizeremizere pa sikirini, timabokosi tamitundumitundu, chithunzi chong'ambika pakati, kapena sikirini yakuda bii pamene makina ayaka. Inu mwatchula kutentha, phokoso, kuchedwa ndi kuzima. Amenewo ndi makina amoyo ndithu, kungoti akubanika.

Tiyambire pa magetsi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Magetsi onse amene chipu chimadya amasanduka kutentha, satsalako ngakhale pang'ono. Mukukumbukira mababu akale aja a mawati 60? Likayaka mphindi zisanu zokha simukanaligwira ndi dzanja. Purosesa ya m'malaputopu opyapyala ngati yanuyo amailembera mawati 15, koma ikapanikizidwa imakwera kudutsa 25, nthawi zina kufika cha m'ma 40 kwa kanthawi kochepa. Onjezanipo MX150. Mukamatulutsa vidiyo muli ndi pafupifupi babu lonse lija loyaka m'kati mwa chinthu chosakwana masentimita awiri kuchindikala kwake, ndipo moto wonsewo ukuchokera pa timalo tiwiri tokula ngati chikhadabo.

Chochotsa motowo ndi kapaipi kaphwatalala ka kopa kotchedwa heat pipe. M'kati mwake muli timadzi tochepa kwambiri. Timadzito timawira pamene kapaipi kakhudza chipu, nthunzi yake imathamangira kumapeto kumene kuli timalata topyapyala tondandalikana ngati mano a chipeso, fani imauzira mpweya pa timalatato, nthunzi imazizira n'kubwerera ngati madzi. Basi. M'malaputopu ambiri opyapyala purosesa ndi chipu cha graphics zimagawana kapaipi kamodzi ndi fani imodzi, ndiye chimodzi chikatentha chimatenthetsanso chinzake. Zili ngati kusonkha mbaula ziwiri m'khitchini ya zenera limodzi.

Kutentha kukafika pamalire, chipu chimadzichepetsera chokha liwiro. Mapurosesa ambiri a Intel malire ake ndi madigiri 100, ndipo machipu a Nvidia a m'malaputopu amayamba kubweza moto asanafike 90. Akatswiri amati throttling. Ndiye ulesi mukuuonawo: vidiyo imayamba bwino mphindi zoyambirira, kenako imayamba kukwawa. Kudzichepetsako kukapanda kuthandiza, makina amazima kuti asapse. Kuzimako ndi chitetezo, ngakhale kumapweteka mtima kukachitika vidiyo ili pa 90 peresenti mkwatibwi akuimba foni.

Chifukwa chiyani Okutobala? Fani siipanga kuzizira, imangotenga mpweya wa m'chipinda. Mpweya wolowa ukakwera ndi madigiri 10, chipu nachonso chimakwera ndi pafupifupi 10 omwewo. Apple imalemba poyera kuti malaputopu ake azigwira ntchito pamalo a madigiri pakati pa 10 ndi 35, ndipo opanga ena ambiri malire awo ndi 35 yemweyo. Masana a Okutobala ku Mangochi, m'nyumba yamalata yopanda siling'i, mwadutsa kale malirewo musanatsegule n'komwe pulogalamu. Onjezani fumbi la chilimwe lomwe fani yakhala ikukoka zaka ziwiri zanu, kuphatikiza zaka za mwini wake woyamba zomwe simukuzidziwa.

Tsopano za MX150 yanuyo, pali zinthu ziwiri zomwe wogulitsa sanakuuzeni, mwina iyenso sankazidziwa. Choyamba, MX150 inatuluka mitundu iwiri pa dzina limodzi: wina wa mawati 25, wina wa mawati 10 wothamanga mocheperapo ndithu, womwe unkaikidwa m'malaputopu opyapyala kwambiri. Chizindikiro chomata pafupi ndi makiyi chinali chimodzimodzi. Chachiwiri ndi chofunika kwambiri kwa inu. Machipu akuluakulu a Nvidia ali ndi kachigawo kotchedwa NVENC, kantchito yake yokhayo yopanikiza vidiyo kukhala H.264 kapena H.265 mofulumira komanso mosadya magetsi ambiri. MX150 ilibe kachigawo kameneka. Imathandizako pokonza mitundu ndi zokometsera zina, koma potulutsa vidiyo ntchito yopanikiza imagwera Intel. Mwayi wake, m'kati mwa Core i7 yanuyo muli Quick Sync, yomwe Intel inayamba kuika m'mapurosesa ake mu 2011, ndipo imagwira ntchito yomweyo. Lowani m'pulogalamu yanu pamalo osankha katulutsidwe ka vidiyo muone ngati pali hardware encoding. Ngati pali software encoding, purosesa yakhala ikusenza yokha katundu yemwe kachigawo kena kakanamunyamula mosatuluka thukuta. Ndaonapo anthu akusintha pamenepo pokha, kutentha n'kutsika, nthawi yotulutsa vidiyo n'kufupika kwambiri.

Nkhani ya dzina limodzi mphamvu zosiyanayi sinathere pa MX150, ndipo ndi msampha womwe ukukudikirani pa laputopu yopyapyala ya RTX mukuiganizirayo. RTX 4060 ya m'laputopu wopanga amaloledwa kuipatsa mawati kuyambira 35 mpaka 115. RTX 3060 ya m'laputopu inkayambira pa 60 mpaka 115. Malaputopu awiri angakhale pa shelefu imodzi, onse olembedwa RTX 4060, wina akudyetsa chipu chake katatu kuposa mnzake. Wopyapyala uja ndiye wa mawati ochepa, chifukwa thupi lake silingatulutse moto woposa pamenepo. Kuyambira 2017 Nvidia inkalemba mawu akuti Max-Q pa machipu ochepetsedwa mphamvu, ndipo wogula ankadziwa. Cha mu 2021 mawuwo anasiya kukhala chizindikiro cha zimenezo, ndipo tsopano muyenera kufufuza nokha nambala ya mawati. Ngakhale kumtunda kwenikweni zili choncho: RTX 4090 ya pa desiki imadya mawati 450, pamene ya m'laputopu imalekeza cha pa 150, ndipo chipu chake ndi cha mtundu womwe uli mu RTX 4080 ya pa desiki. Mayina okha ndiwo afanana.

Pofufuza pake ndi posavuta. Pa laputopu ya RTX tsegulani Nvidia Control Panel, pitani pa System Information, muone mzere wa Maximum Graphics Power. Ngati simukupatsidwa mpata woyatsa, tembenuzani chaja muwerenge. Laputopu yobwera ndi chaja ya mawati 100 kapena 130 singapatse chipu cha graphics mawati 115 n'kutsalanso ena a purosesa, sikirini ndi batire. Zamphamvu zenizeni zimabwera ndi chaja ya 200 kapena kuposa, yolemera ngati njerwa. Chaja siinama.

Mwina mukuti, bwanji opanga odziwika angagulitse chinthu chomwe sichingadzizizire chokha? Zachitikapo kangapo, ndipo kwa akuluakulu omwe. Mu Julayi 2018 Apple inatulutsa MacBook Pro yopyapyala yokhala ndi Core i9, ndipo anthu okonza mavidiyo anapeza kuti ikatentha inkatsika liwiro mpaka pansi pa lomwe linalembedwa. Patangopita masiku ochepa kampaniyo inapepesa n'kutulutsa pulogalamu yokonza, ikunena kuti panali cholakwika m'pulogalamu yoyendetsa kazizidwe. Kumbali ya makompyuta a pa desiki, Mac Pro ya 2013, yobulungira ngati kandowa kakuda, inali ndi machipu awiri a AMD FirePro ndi fani imodzi. Inali yokongola zedi. Koma mu Epulo 2017 akuluakulu a kampaniyo anavomera pamaso pa atolankhani kuti kapangidwe kameneko kanawatsekera pakona pa nkhani ya kutentha, moti sakanatha kuikamo chipu chimodzi chachikulu chamakono. Mu 2019 anabwerera ku bokosi lalikulu la mabowo ambirimbiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wokonza wanuyo naye sanangolota za kuwotcha. Chizolowezicho chili ndi kumene chinachokera. Mu 2008 Nvidia inavomera kuti machipu ake ena a m'malaputopu anali kufa msanga, ndipo inapatula madola pafupifupi 196 miliyoni olipirira vutolo. Machipu odziwika pa nkhaniyi anali GeForce 8400M ndi 8600M, omwe anali m'malaputopu a Dell, HP ndi Apple. Chinkachitika n'chakuti timfundo tating'onoting'ono tolumikiza silikoni ndi kathabwa kake tinkasweka chifukwa cha kutentha ndi kuzizira mobwerezabwereza. Zofanana nazo zinagwera MacBook Pro za 2011 za machipu a AMD Radeon, mpaka Apple inatsegula ndondomeko yokonza mwaulere mu Febuluwale 2015. Nthawi imeneyo okonza padziko lonse anazindikira kuti ukauzira chipu chotero mpweya wamoto, timfundo tija timakhudzananso ndipo sikirini imabwerera. Kasitomala amalipira akumwetulira. Pakapita milungu kapena miyezi ingapo vuto limabwerera, chifukwa mng'alu uli m'kati mwa chipu, pamalo pomwe motowo sukonza chilichonse chokhalitsa. Ngakhale kuchotsa chipu n'kuchiikanso ndi timipira tatsopano ta mtovu, komwe amati reballing, sikuchiza mng'alu wa m'katiwo ngati chipu chili chomwecho. Ndiye pa chipu chodwaladi, kuwotcha kumangogula masiku. Pa chipu chabwinobwino ngati chanu, kuwotcha kukhoza kupha chinthu chomwe sichinadwale.

Musanatulutse ndalama iliyonse, chitani izi. Ikani HWiNFO, pulogalamu yoonetsa kutentha ndi liwiro la zipangizo za m'kati mwa kompyuta, ndi yaulere. Itseguleni mbali ya Sensors, yambitsani kutulutsa vidiyo ya mphindi 10, muone madigiri a purosesa, madigiri a GPU (chipu cha graphics), liwiro lake, ndi mzere wolembedwa Thermal Throttling ngati ukusonyeza Yes. Lembani manambalawo papepala. Kenako laputopuyo itsegulidwe. Mukachotsa fani, pakati pa faniyo ndi timalata tija mupeza chinthu chonga kachigamba ka bulangeti: fumbi, ubweya wa nsalu ndi tsitsi zolukana. Kunja sichioneka. Ndinatsegulapo laputopu ya mphunzitsi wina yomwe anthu awiri anali ataiweruza kale kuti yafa chipu. Kachigambako kanatuluka kathunthu ngati nsalu ya thumba, ndipo makinawo anagwiranso ntchito zaka zina. Kuuzira ndi pakamwa kunja sikuchotsa zimenezo, kumangoonjezerapo malovu. Ngati mugwiritsa ntchito blower, gwirani faniyo ndi chala isazungulire mopenga, ndipo chotsani kaye chingwe cha batire musanakhudze china chilichonse.

Chotsatira ndi thermal paste, kaphala kotuwa kopakidwa pakati pa chipu ndi kopa. Ntchito yake ndi kutseka timipata tosaoneka ndi maso kuti moto udutse bwino. Pakapita zaka kamauma n'kukhala ngati dothi losweka. Kakaleko kapukutidwe ndi isopropyl alcohol, kapakidwe katsopano kochepa, kokwanira kuphimba silikoni yense mopyapyala. Pano musaumire. Kaphala koyera kotchipa ka m'timabotolo topanda dzina kamauma miyezi yochepa. Funsani ka dzina lodziwika monga Arctic MX-4. Timapadi tofewa tomwe tili pa tizipangizo ta m'mbali musatitaye kapena kutisintha ndi tochindikala mosiyana, chifukwa kopa sangakhalenso bwino pa chipu. Mukamva za liquid metal, chitsulo chamadzimadzi chomwe ena amapaka m'malo mwa kaphalaka, zisiyeni. Imayendetsa magetsi, imadya aluminiyamu, ndipo kadontho kamodzi kakatayikira pa bolodi laputopu yapita. Muli m'katimo yang'ananinso batire. Ngati lafufuma ngati mandasi, lichotsedwe tsiku lomwelo.

Zotsalazo ndi zazing'ono koma zimawonkhetsa. Kwezani kumbuyo kwa laputopu ndi kathabwa kuti mpweya ulowe pansi. Osaiika pa matiresi kapena pa chitenje chopinda. Zoikapo laputopu zokhala ndi mafani zimathandiza madigiri ochepa chabe, ndipo pokhapokha ngati pansi pa laputopu yanu pali mabowo. Mu Power Options ya Windows, mukatsitsa Maximum processor state kufika pa 99 peresenti, pa mapurosesa ambiri a m'badwo umenewo turbo, kukwera liwiro kwa kanthawi kuja, imazima. Liwiro lapamwamba limatsika, koma makina sazima ndipo samangokwera n'kugwa. Pa mavidiyo a 4K gwiritsani ntchito ma proxy, makope opepuka a vidiyoyo, podula, mutulutse vidiyo usiku kapena m'mamawa kunja kusanatenthe. Ndipo chonde, osaika laputopu mufiriji kapena pa madzi oundana. Chinyontho chimalowa m'kati.

Zonsezi zikachitika, yesaninso ndi HWiNFO muyerekeze ndi manambala a papepala aja. N'kutheka kuti kandalama kanu mukasunga chaka china, kapena kapita ku kamera. Koma tinene kuti ntchito yakula ndipo makina atsopano akufunikadi.

Timakompyuta ta m'maofesi tija, Dell OptiPlex, HP EliteDesk ndi ProDesk, Lenovo ThinkCentre, timabwera m'misinkhu itatu. Tating'onoting'ono tonga buku, tolembedwa Micro, Mini kapena Tiny, iwalani. Khadi wamba la graphics sililowamo. Tapakati, totchedwa SFF (small form factor), ndi tomwe mukunena. Aakulu ndi tower. SFF imalandira khadi, koma ndi malamulo ake. Khadilo liyenera kukhala lalifupi, low profile, la kachitsulo kakafupi kumbuyo. Power supply yake nthawi zambiri ndi ya mawati pakati pa 180 ndi 260, ilibe chingwe cha mapini 6 kapena 8 chodyetsa khadi, ndipo pa mitundu yambiri ili ndi mapulagi akeake moti simungangoisintha ndi ya mu shopu. Ndiye khadi lanu lidye zomwe mpata wa PCIe, wautali wolowetsamo khadi pa bolodi, umapereka, osadutsa mawati 75, ndipo opanga ena amalemba malire otsikirapo. M'mabokosi ena mpata wautali uja uli moyandikana ndi power supply, moti khadi lochindikala mipata iwiri sililowa, kapena likalowa fani yake imapumira pa chitsulo. Tsegulani bokosi muone ndi maso musanagule khadi.

Makadi olowa m'menemo ndi owerengeka, ndipo awiri otchuka kwambiri ndi misampha kwa munthu wa mavidiyo. GT 1030 ndi chipu chomwecho cha MX150 yanu chitavala malaya ena: mawati 30, NVENC mulibe. Ilinso ndi mtundu wa memory ya DDR4 womwe umachedwa kwambiri poyerekeza ndi wa GDDR5, dzina lili lomwelo. Radeon RX 6400 ya 2022 imadya mawati 53, ndipo pa masewera ndi yabwino pa msinkhu wake, koma AMD inachotsamo kachigawo kopanikiza vidiyo. Komanso imalumikizana ndi njira zinayi zokha za PCIe, zomwe zimaichepetsa mphamvu m'makina akale. GT 710 ndi GT 730 musazicheukire n'komwe. GT 710 imagonja ngakhale kwa graphics ya UHD 630 yomwe ili kale m'kati mwa purosesa. Zoyenera ntchito yanu ndi GTX 1650 ya low profile, ya mawati 75 yokhala ndi NVENC, kapena RTX 3050 ya 6GB yomwe inatuluka mu 2024, ya mawati 70. Samalani, pali RTX 3050 inanso ya 8GB yomwe imafuna chingwe. Intel Arc A310 ndi A380 zimapanikiza vidiyo bwino kwambiri, mpaka mu mtundu watsopano wa AV1, koma zimayenda bwino pa bolodi yokhala ndi Resizable BAR (njira yolola purosesa kufikira memory yonse ya khadi nthawi imodzi), yomwe makompyuta ambiri akale a m'maofesi alibe.

Ngakhale khadi litalowa, kumbukirani kuti SFF inapangidwira munthu wa Word ndi Excel m'chipinda choziziritsidwa. Kawirikawiri muli fani ya purosesa, ya mu power supply, mwina ndi kena kamodzi kutsogolo. Mukaonjezamo mawati 70, mpweya wotenthawo umazungulira momwemo, ndipo kafani kakang'ono ka khadi kamalira mokwiyitsa. Zimagwira ntchito, ndazionapo zambiri, koma ndi kukakamiza.

Maganizo anga ndi awa. Ngati mumakonzera mavidiyo pamalo amodzi, kupyapyala kukupatsani chiyani? Kompyuta ya pa desiki simuinyamula pa kabaza. Gulani tower. Muli malo a khadi lalitali, mafani aakulu oyenda mofatsa, ndipo kupukuta fumbi ndi ntchito ya mphindi 10. Chabwino koposa ndi bokosi wamba lomangidwa ndi zipangizo za muyezo wa ATX, chifukwa ma tower a m'maofesi nawonso ambiri ali ndi power supply ya mapulagi akeake. Pogula yogwirapo kale ntchito, purosesa ya Intel ikhale ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, monga i5-8500 kapena i7-8700, chifukwa Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025 ndipo Windows 11 mwalamulo imayambira pamenepo. Za all-in-one zija, zomwe kompyuta yonse ili kuseri kwa sikirini, ndi laputopu yoimirira basi: zipangizo zothinana, kutsegula kovuta. iMac ya mainchesi 27 ya 2011 yokhala ndi Radeon HD 6970M inafika poti Apple inkasintha makadi ake mwaulere kuyambira 2013.

Koma tower ili ndi mtengo wina wobisika, ndipo inu mukuudziwa kuposa ine: magetsi. Laputopu ili ndi batire. Magetsi akathima vidiyo imapitirira. Tower imazima pomwepo, nthawi zina n'kuwononga fayilo, ndiye UPS, kabokosi ka batire kogwirizira magetsi akathima, iwerengedwe m'bajeti kuyambira pachiyambi. Ngati mumadalira sola ndi inveta, werengani bwino. Tower yokhala ndi khadi laling'ono pamodzi ndi sikirini imatha kudya mawati 150 mpaka 200 ikamatulutsa vidiyo, pamene laputopu yanu ikukhuta ndi chaja ya 65.

N'chifukwa chake ndikufuna muganizirenso njira yachitatu yomwe simunaitchule: laputopu yopanda chipu chapadera cha graphics. Ndikudziwa kuti zikumveka ngati kubwerera m'mbuyo, poti tinazolowera kuti kachizindikiro kobiriwira ka Nvidia ndiye ulemerero. Zinasintha. Graphics ya m'kati mwa purosesa ya Radeon 680M, yomwe inabwera ndi Ryzen 6000 mu 2022, ndi 780M ya 2023, zimaposa MX150 yanu kutali, ndipo zili ndi kachigawo kake kopanikiza vidiyo. Intel Iris Xe ya kuyambira 2020 imafanana kapena kuposa MX150, ili ndi Quick Sync yatsopano. Phindu lake pa kutentha ndi loonekeratu: mbaula ndi imodzi, kapaipi ndi fani zikutumikira chipu chimodzi. Chofunika kusamala ndi RAM, chifukwa graphics yotere ilibe memory yakeyake, imabwereka ya kompyuta. Ikhale 16GB kapena kuposa, ndipo ikhale ya njira ziwiri, dual channel. Kandodo kamodzi ka 16GB kamaipundula. Tiwiri ta 8GB timaimasula. Malaputopu a Apple a chipu cha M1 cha 2020 ndi otsatira ake amachita bwino kwambiri pa mavidiyo ndi magetsi ochepa, koma MacBook Air ilibe fani n'komwe, ndiye pa vidiyo ya ukwati ya maola awiri masana a Okutobala idzadzichepetsera liwiro. RAM yake siionjezeka, ndipo ikawonongeka, womuthamangira pafupi simumupeza msanga.

Ngati mavidiyo anu ambiri ndi 1080p, odula, kuika nyimbo, mayina a akwati ndi kukonza mitundu pang'ono, njira yachitatuyi ikukwanirani. Ngati mwalowa mu 4K ndi pulogalamu ya DaVinci Resolve, mukuchotsa noise ndi kuunjika zokometsera, chipu chapadera chikufunikadi, ndipo memory yake ikhale 6GB kapena 8GB. Pamenepo ngati iyenera kukhala laputopu, sankhani yochindikala, ya mafani awiri, ya mabowo otulutsa mpweya kumbuyo ndi m'mbali, yolemera makilogalamu awiri ndi kanthu. Ine ndingatenge RTX 4050 kapena 3060 m'thupi lonenepa lotero kusiyana ndi 4070 yothinidwa m'thupi lopyapyala, chifukwa yoyambayo igwira ntchito ola lonse pa liwiro limodzi, ndipo ndalama yotsalayo igula RAM ndi SSD.

Tsiku logula, nyamulani flash disk yokhala ndi HWiNFO, HandBrake (pulogalamu yopanikiza vidiyo) ndi kavidiyo kanu ka 4K kotalikirapo. Lumikizani chaja, chifukwa pa batire machipu amenewa amadzichepetsera mphamvu. Yambitsani kupanikiza vidiyoyo ndipo muisiye mphindi 20. Ngati ndi makina a RTX, yesaninso ulendo wina mutasankha NVENC, kapena tsegulani pulogalamu yanu yokonzera mavidiyo ngati ilimo. Mphindi zitatu zoyambirira zisakukopeni, makina alionse amathamanga akadali ozizira. Yang'anani cha pa mphindi ya 15: liwiro la purosesa likhale litakhazikika pamalo amodzi osati kukwera n'kugwa, madigiri akhale pansi pa 95, ndipo mukaika dzanja pa bowo lotulutsa mpweya mumve mphepo yotentha ikukankha ndithu. Fani ikamalira kwambiri koma pa bowopo pakungotuluka kampweya kofooka, kachigamba kaja kali kale m'menemo, ndipo mtengo woitsegula uchotsedwe pa ndalama yomwe akukutchulirani.